Mmene mungachepetsere magetsi a pakhomo ndi kupempha thandizo ku khonsolo muno mu Harare

Mita ya azakhali anga ku Mufakose imayamba kulira mwezi usanafike ndi pa 20 pomwe. Tokeni ya magetsi amagula pa 1, ya ndalama zooneka ndithu, koma sabata yachitatu ikamatha mumawapeza akuzungulira nyumba yonse kuzimitsa mababu ngati babu ndiye mfiti. Tsiku lina anandiitanitsa. "Mwanangu, ndamva zoti ku khonsolo kumakhala ndalama zothandizira anthu kuika sola. Undilembereko kalata." Ndinawafunsa kuti pa tsiku amatha mayunitsi angati. Anangoti kukamwa yasa. Nanga nyumbayi ili m'dzina la ndani? La malemu agogo, amene anachoka ku Dedza akali mnyamata. Bilu ya khonsolo ili kuti? Anayatsira mbaula.

Ambiri a ife timagwera pomwepa, kaya ku Mbare, Highfield, Mabvuku kapena Dzivarasekwa. Thandizo timalifuna, koma akangotifunsa manambala ndi mapepala timayamba kukanda m'mutu. Wopereka ndalama aliyense, kaya ndi khonsolo, bungwe, mpingo kapena banki, mafunso ake oyamba ndi awiri omwewo: panopa mukutha magetsi ochuluka bwanji, ndipo nyumbayo ndi ya ndani? Choncho tiyambira pa mita, tikonze zosalira ndalama zambiri, kenako mapepala, ndipo ku ofesi tipita pomalizira. Musadumphe masitepe. Amene amayambira ku ofesi amabwerako ndi fumbi lokha kumapazi.

Zofunika kukhala nazo

- Kope limodzi ndi cholembera. Kope la mita lokha, osati lomwe ana amalembamo samu.
- Malisiti a tokeni kapena mauthenga a pafoni a miyezi itatu yapitayi. Ngati muli ndi a miyezi isanu ndi umodzi, ndiye bwino kwambiri.
- Nambala ya mita ndi dzina limene mitayo inalembetsedwa ku ZETDC, kampani yogulitsa magetsi.
- Bilu yaposachedwa ya khonsolo.
- Chitupa chanu, ndi mapepala a nyumba: taitolo, pangano logulira, kapena kalata ya lendi.
- Foni yojambula zithunzi.
- Envulopu yaikulu kapena faelo ya pulasitiki yoti mapepala asanyowe.
- Mababu a LED, bulangete lakale limodzi kapena awiri, dengu lalikulu, thumba la saka, ndi sopo wothira m'madzi ngati mumaphikira gasi.

GAWO LOYAMBA: PEZANI CHIMENE CHIKUDYA MAGETSI

1. Lembani mita masiku 7 otsatizana

Sankhani nthawi imodzi, tinene 6 koloko m'mawa, ndipo tsiku lililonse lembani mayunitsi amene atsala pa mita. Chotserani nambala ya lero pa ya dzulo, ndiye mwapeza zimene mwatha pa tsiku. Pambali pake lembani zimene zinachitika tsikulo: munachapa ndi kusita, munaphika nyemba, kunabwera alendo, giza (thanki yotenthetsera madzi osamba) inayaka maola angati.

Chenjezo: lembaninso maola amene magetsi anazima. Tsiku limene ZESA, kampani ya boma ya magetsi, yazimitsa kuyambira m'bandakucha mpaka usiku limaoneka ngati mwasunga kwambiri, pamene simunasunge kanthu. Mukaphatikiza masiku oterowo osawalemba, nambala yanu idzakhala yabodza, ndipo sola imene mudzagule potengera nambalayo idzakuchepelani.

Usiku umodzi chitani izi: werengani mita mukamagona, muwerengenso mukangodzuka. Zimene zatha anthu onse ali m'tulo ndi za firiji, giza ndi mababu a panja. Kwa azakhali tinapeza kuti usiku wokha unkadya pafupifupi theka la magetsi a tsiku lonse. Mababu amene ankawalondalonda aja analibe mlandu.

2. Werengani mawati a chipangizo chilichonse

Kuseri kapena pansi pa chipangizo chilichonse pamakhala kachitsulo kapena kapepala kolembedwa nambala yothera ndi W. Samu yake ndi iyi: mawati kuchulukitsa ndi maola, kugawa ndi 1000, yankho lake ndi mayunitsi. Babu ya 100W ikayaka maola 10 yatha yunitsi imodzi. Hita ya 2000W ikayaka maola 4 yatha mayunitsi 8, usiku umodzi wokha. Ketulo nayo imakhala ya mawati pafupifupi 2000, koma imayaka mphindi zochepa, mwakuti kuwiritsa lita imodzi kumadya gawo limodzi mwa magawo 10 a yunitsi.

Mukamaliza mudzaona nokha kuti zakudya kwambiri ndi zonse zimene zimatenthetsa: giza, sitovu, hita, simbi. TV, wailesi ndi machaja a foni ndi ana ang'ono. Musakalipire mwana chifukwa cha chaja pamene giza ikuyaka usana ndi usiku.

3. Zimitsani zonse, muyang'ane mita

Zulani mapulagi onse, zimitsani mababu, zimitsani giza pa bokosi la masiwichi. Ndiyeno imani pa mita mphindi zisanu. Pamakhala kagetsi kofiira kamene kamaphethira magetsi akamayenda. Kakapitiriza kuphethira, pali china chimene chikukoka: mwina waya wopita ku kanyumba ka kuseri amene munaiwala, mwina waya wowonongeka m'khoma, mwinanso wina anadzilumikizira mwakachetechete. Musatsegule mita, musadule chidindo chake. Itanani wamagetsi wodziwa ntchito. Ndipo akabwera munthu wokuuzani kuti angathe "kuikonza" mita kuti izidya pang'ono, mutsekereni chitseko. Umenewo ndi mlandu wopita nawo kundende, ndipo mwini nyumba nayenso angathe kumangidwa.

GAWO LACHIWIRI: KONZANI ZOSALIRA NDALAMA ZAMBIRI

4. Yambani ndi giza

Ngati m'nyumba muli giza yamagetsi, mwapeza kale mbala yaikulu. Kutenthetsa malita 150 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumafuna mayunitsi pafupifupi 7, ndipo ikangosiyidwa yoyaka imadzitenthetsanso yokha nthawi iliyonse madzi akazizirako. Chitani zitatu. Muuzeni wamagetsi aike chowongolera kutentha pa madigiri 60. Kupitirira apo n'kungotaya ndalama, koma musatsitse kwambiri, chifukwa m'madzi ofunda pang'ono mumaswana tizilombo toyambitsa matenda a m'mapapo. Chachiwiri, iyatseni ola limodzi kapena awiri anthu asanasambe, kenako zimitsani. Ngati mumaiwala, pali kawotchi kamene amamangirira pa bokosi la masiwichi kuti kazichita zimenezi kokha. Chachitatu, ikutireni ndi chofunda chake chogula m'mashopu a zomangira, pamodzi ndi paipi ya madzi otentha mita imodzi kapena ziwiri kuchokera pa giza.

Amene mukumanga nyumba yatsopano dziwani kuti lamulo la mu 2019, lotchedwa Statutory Instrument 235, limafuna kuti nyumba zatsopano ziziika giza ya dzuwa m'malo mwa yamagetsi okhaokha. Musagule yamagetsi chifukwa choti mwaipeza yotchipa ku Mbare.

Chenjezo kwa ogula giza ya dzuwa ya machubu agalasi: m'madera amene madzi a m'mipopi amabwera masiku owerengeka, giza imatha kuuma. Machubu ouma amatentha koopsa padzuwa, ndipo madzi ozizira akalowamo masana amathetheka ngati botolo. Madzi akachoka tsekani paipi yolowetsa, mudzadzaze m'mawa dzuwa lisanatuluke kapena usiku.

Ngati giza mulibe ndipo mumatenthetsa madzi osamba pa sitovu, gwiritsani ketulo, muthire mu ndowa ya madzi ozizira. Poto wosavundikira pa sitovu amataya kutentha kwambiri mumphepo.

5. Kuphika, makamaka nyemba

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene nyumba zathu zambiri zimathera magetsi osadziwa. Mbale imodzi ya sitovu imakoka mawati 1000 mpaka 1500. Nyemba zouma zikakhala pamoto maola atatu zatha mayunitsi atatu kapena kuposa. Makanda a ng'ombe ndiye osanena.

Viikani nyemba m'madzi usiku wonse. M'mawa tayani madziwo, thirani atsopano, ziwire kwambiri mphindi 15 mpaka 20 poto ali wovundikira. Pamenepo chotsani poto osatsegula, mumukulunge m'bulangete, mumuike m'dengu limene pansi pake mwayala nsalu zakale, pamwamba muphimbenso ndi pilo kapena bulangete lina. Musiyeni maola anayi. Mukadzatsegula mudzapeza nthunzi ikutuluka, nyemba zafewa, kwatsala kukazingira tomato ndi anyezi. Azakhali anakana poyamba, ati chakudya chophika m'bulangete n'cha anthu aulesi. Lero dengu lija lili ndi malo ake pansi pa tebulo, ndipo palibe mdzukulu amaloledwa kuligwira.

Chenjezo: musafupikitse kuwira koyambako. Nyemba zofiira zimafuna kuwira kwambiri mphindi zosachepera 10, apo ayi zimatsegula m'mimba. Ndipo poto akazizira m'dengumo, mumuwiritsenso musanadye.

Zina n'zodziwika: poto akhale wa matako osalala ofanana kukula ndi mbale ya sitovu, chivundikiro chisachoke, madzi a nsima muyambe mwawawiritsa mu ketulo, ndipo zimitsani sitovu chakudya chitatsala pang'ono kupsa chifukwa mbaleyo imakhalabe yotentha. Ophikira gasi, kadzazitseni kwa ogulitsa amene ali ndi chiphaso cha ZERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi, mafuta ndi gasi. Mukamva fungo pakani madzi a sopo polumikizira paipi, pakachita thovu ndiye kuti pakutuluka mpweya. Machesi asayandikire.

6. Mababu ndi firiji

Mababu akale a waya woyaka mkati analetsedwa kugulitsidwa mu Zimbabwe kuyambira mu 2017, koma m'nyumba zina akadalimo. Mababu asanu a 60W oyaka maola asanu pa tsiku amatha mayunitsi 45 pa mwezi. Asanu a LED a 9W, maola omwewo, satha ndi mayunitsi 7 omwe. Yambani kusintha amene amayaka nthawi yaitali: wa panja ndi wa pabalaza.

Firiji iyeseni ndi pepala. Tsekerani pepala pa chitseko, mulikoke. Likatuluka mosavuta, labala wa chitseko watha, musinthe. Madzi oundana akachindikala mkati asungunuleni, firiji italikirane ndi khoma ndiponso sitovu, ndipo poto wotentha asalowemo.

7. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi

Nyumba zambiri zakale za m'malokeshoni zilibe siling'i. Mukayatsa hita, kutentha kumangokwera n'kutulukira kudenga, inu n'kumalipirira mphepo. Ngati pali chinthu chimodzi choyenera kusungira ndalama kapena kupemphera thandizo musanaganize za sola, ndi siling'i, ngakhale ya chipinda chogona chokha. Imathandizanso mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo.

Poyembekeza siling'iyo, dzazani mchenga kapena nsanza m'thumba la saka muike pansi pa chitseko, matani magalasi osweka, tsegulani makatani a mawindo oyang'ana kumpoto masana kuti dzuwa lilowe, ndipo muwatseke lisanalowe.

Machenjezo awiri, onse okhudza moyo. Madenga ambiri akale ndi a asibesito: musawadule, musawaboole, musawapale, chifukwa fumbi lake limawononga mapapo pakapita zaka. Ndipo mbaula isagone m'chipinda chotseka. Mpweya wa makala sununkha, suoneka, umangogonetsa anthu osadzukanso.

8. Gulani tokeni mwanzeru

ZETDC imagulitsa magetsi a pakhomo m'magawo. Mayunitsi 50 oyamba pa mwezi ndiwo otchipa kwambiri, ndipo mtengo umakwera pamene mukugula ochuluka m'mwezi womwewo. Mwezi watsopano ukayamba, magawowo amayambiranso. Ndiye palibe chifukwa chokankhana pa 1: kugula kwanu koyamba m'mweziwo, kaya ndi pa 3 kaya pa 15, kumayambira pa mtengo wotsika. Mayunitsi otchipa a mwezi umene simunagule sakudikirani, koma amene mwalowetsa kale mu mita saola. Choncho gulani mwezi uliwonse, ngakhale mita ikadali ndi otsala, makamaka mu Epulo ndi Meyi pokonzekera chisanu. Pa lisiti mudzaonanso kuti 6 peresenti imachotsedwa kupita ku thumba lofikitsira magetsi kumidzi, musamayese kuti wogulitsa wakuberani.

Nyumba zokhala ndi alendi zimavutika kwambiri ndi magawowa. Mabanja anayi pa mita imodzi amamaliza mayunitsi otchipa sabata yoyamba, mwezi wonse n'kumagula okwera mtengo, kenako mkangano: uyu ali ndi hita, uyo amasita zovala za anthu. Ikani timita ting'onoting'ono towerengera chipinda chilichonse, wamagetsi amange, kapena kafunseni ku ZETDC za mita yachiwiri ngati kuseri kuli nyumba yoima payokha.

Mukachita zonsezi, lembaninso mita masiku ena 7. Tsopano muli ndi manambala awiri, yakale ndi yatsopano. Amenewo ndiwo mudzalowe nawo mu ofesi.

GAWO LACHITATU: MAPEPALA NDI KUPEMPHA

9. Konzani dzina la nyumba, bilu ndi chitupa

Sitepe iyi ndi yotopetsa kuposa onse, ndipo ndi imene imatigwetsa ife ana ndi adzukulu a anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Makolo athu anapatsidwa nyumba za khonsolo akugwira ntchito m'mafakitale ndi m'mayadi, anamwalira, ife tikukhalamobe, koma bilu ikubwerabe m'dzina lawo. Pempho lolembedwa ndi munthu amene dzina lake silikupezeka pa pepala lililonse la nyumbayo limaikidwa pambali.

Ngati mwini wake anamwalira, chuma cha masiye chiyenera kulembetsedwa ku ofesi ya Master of the High Court kapena ku khoti la majisitireti, kuti pasankhidwe woyang'anira. Khalani pansi pachibale kaye, amalume ndi azakhali onse adziwe, chifukwa nkhani ya nyumba ikayamba mobisa imathera pa chidani. Mukapeza kalata ya woyang'anira, pitani nayo ku ofesi ya khonsolo ya m'dera lanu mukafunse zosinthira dzina.

Amene chitupa chanu chikadali cholembedwa ALIEN, malamulo aakulu a dziko a mu 2013, gawo 43, amati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, amene kholo lake ndi nzika ya dziko la m'bungwe la SADC (monga Malawi, Zambia ndi Mozambique), ndipo iye mwini ankakhala muno pamene malamulowo ankatuluka, ndi nzika yobadwa. Tengani chikalata chanu chobadwira mupite ku ofesi yolembetsa zitupa mukasinthe.

Ngongole ya bilu musaithawe. Pitani ku Rowan Martin, nyumba ya khonsolo yolipirirako mabilu, kapena ku ofesi ya m'dera, mupemphe kulipira pang'onopang'ono, pangano lake likhale lolembedwa, ndipo sungani lisiti iliyonse. Munthu wa ngongole amene akubweza amamveka mosiyana ndi amene wangokhala chete.

Alendi, pezani kalata ya eni nyumba yololeza kusintha kulikonse, ndipo ifotokoze kuti mukadzasamuka giza kapena sola idzakhala ya ndani.

Chenjezo: dziwani khonsolo yanu. Epworth, Ruwa ndi Chitungwiza zili ndi mabodi kapena makhonsolo awoawo. Kalata ya munthu wa ku Epworth ikapita ku Town House, likulu la khonsolo ya Harare, yasochera.

10. Pezani mitengo yolembedwa kwa ogulitsa atatu

Sankhani chinthu chimodzi chimene manambala anu akuloza: siling'i, giza ya dzuwa, kapena sola yaing'ono ya mababu ndi firiji. Pitani kwa ogulitsa atatu osiyana, aliyense alembe pa pepala lokhala ndi dzina la kampani, adiresi ndi chidindo: katundu, kukula kwake, mtengo womangira, zaka za chitsimikizo, ndiponso ngati mtengowo uli mu madola a America kapena ZiG. Mtengo wonenedwa pakamwa kapena pa WhatsApp sulowa mu faelo. Jambulaninso denga, giza yakale ndi bokosi la masiwichi.

11. Lembani kalata ya tsamba limodzi

Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka ndi malamulo a dziko lino, ndipo zimenezo n'zonyaditsa, koma kalata iyi ilembeni m'Chingelezi kapena m'Chishona kuti woitsegula asaiike pambali podikira womasulira. Mfundo zake zikhale motere: ndinu ndani, mumakhala nambala yanji, wadi iti, muli anthu angati pakhomo, pali okalamba, odwala kapena olumala. Kenako manambala: tinkatha mayunitsi akuti pa mwezi, tasintha izi ndi izi ndi ndalama zathu, tsopano tikutha akuti. Kenako pempho lenileni, chinthu chimodzi, mtengo wake, ndi gawo limene inu mukhoza kusonkha. Pomaliza funsani mwachindunji: kodi pali ndondomeko iliyonse ya khonsolo kapena ya mabungwe ogwira ntchito ndi khonsolo imene pempholi lingalowemo, ndipo fomu yake imapezeka kuti?

Musalire m'kalata. Mavuto aliyense ali nawo, ndipo owerenga amva ambiri. Chimene sakumana nacho kawirikawiri ndi munthu amene wayamba kale yekha.

Pangani makope awiri. Lina musiye, lina akudindireni tsiku limene alandira, mubwerere nalo. Mapepala enieni a nyumba ndi chitupa asatsale mu ofesi ya munthu aliyense, siyani mafotokope okha.

12. Kaonaneni ndi akhansala, mupitenso ku misonkhano ya bajeti

Khansala wa wadi yanu ndiye khomo loyamba. Pitani pa tsiku limene amaonana ndi anthu, faelo ili m'manja. Mawu ake asachuluke: "A khansala, ndabwera ndi pempho lolembedwa, manambala ake ndi awa. Ndithandizeni kudziwa ofesi yoyenera, komanso tsiku loti ndidzabwerenso." Tsikulo lilembeni m'kope muja iwo akuona, ndipo likakwana mubweredi.

Dziwaninso mmene ndalama za boma zimayendera, kuti musapemphe mbuzi kwa woweta nkhuku. Gawo 301 la malamulo aakulu limati ndalama zosachepera 5 peresenti za zimene boma latolera pa chaka zizipita ku zigawo ndi makhonsolo. Ndalama zimenezi, zimene anthu amangoti za devolution, zimagwira ntchito zothandiza anthu ambiri pamodzi: misewu, madzi, zipatala, masukulu. Ndiye pempho la nyumba imodzi ndi lopepuka, pamene la nyumba 30 za mumsewu umodzi, zopempha pampu ya sola pa chitsime chobowola cha m'dera kapena magetsi a sola a mumsewu, limalemera. Magetsi a mumsewu akayaka, mababu a panja amene aliyense amasiya usiku wonse poopa akuba amachepa.

Chakumapeto kwa chaka khonsolo imachititsa misonkhano yomva maganizo a anthu pa bajeti ya chaka chotsatira. Anthu amapita ochepa, ndipo ochepawo ndi amene mawu awo amalembedwa. Pitani asanu kapena khumi, mmodzi alankhule, pepala losainidwa ndi onse muliperekere pomwepo. Mabungwe a anthu okhala mumzinda monga Combined Harare Residents Association ndi Harare Residents Trust amadziwa masiku a misonkhanoyi, afunseni. Paja safunsa anadya phula.

13. Musadikire chimanjamanja: yambitsani chipereganyu

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pamene kalata ikuyenda m'maofesi, sonkhanani anthu 8 kapena 10 odziwana, a mumpingo, a kumzikiti kapena a bungwe la maliro, muyambe chipereganyu, chimene anzathu Achishona amati mukando, koma cha chinthu chimodzi chokha. Mwezi uno siling'i kwa amayi awa, mwezi wamawa giza kwa abambo awo. Ndalama zisapite m'manja mwa wolandira: anthu awiri apite naye kukagula katundu. Tinaphunzira zimenezi movutika pamene mlamu wanga wina analandira za giza n'kubwera ndi sipikala yaikulu ngati kabati. Wogulitsa akamva kuti mugula magiza khumi m'chaka chimodzi amatsitsa mtengo, ndipo gulu lokhala ndi kope la ndalama ndilo limene mabungwe amalifunafuna akabwera ndi thandizo.

14. Sola ibwere pomaliza

Yezani sola potengera nambala yatsopano ija, osati yakale. Mapanelo ayang'ane kumpoto, apendekeke madigiri pafupifupi 20, pasakhale mthunzi wa mtengo wa mapeyala kapena thanki. Batire ya 12V 100Ah imasunga yunitsi 1.2 yokha, ndipo ikakhala ya mtovu muyenera kugwiritsa theka lokha kuti ikhalitse. Werengani nokha: imeneyo ndi ya mababu, TV ndi mafoni. Sitovu, simbi ndi giza zisalumikizidweko. Amene mukuika sola yaikulu, malamulo a mu 2018 amalola kubweza magetsi otsala ku ZETDC n'kumapatsidwa mayunitsi, koma muyenera kulembetsa ndi kuikiridwa mita yoyenera musanalumikize.

ZOLAKWIKA ZIMENE ANTHU AMACHITA KAWIRIKAWIRI

Choyamba ndi kulipira kuti mulandire thandizo. Uthenga umafika pa gulu la WhatsApp la mpingo, uli ndi chizindikiro chooneka ngati cha boma: sola yaulere kwa mabanja ovutika, tumizani madola asanu pa EcoCash kuti dzina lanu lilembedwe, mawa tikutseka. Woutumiza pagulupo amakhala munthu wabwino amene naye wangolandira. Ndalama ya boma kapena ya khonsolo silipiridwa ku nambala ya foni ya munthu. Ngati pali cholipira, chimalipiridwa pa kauntala ndipo pamatuluka lisiti. Nambala yachinsinsi ya foni kapena ya banki musauze aliyense, ngakhale atakutchulani dzina lanu lonse ndi nambala ya nyumba.

China ndi kusaina pepala lotchedwa thandizo pamene ndi ngongole. Funsani mawu atatu: ndibweza, zingati, ndikalephera mutenga chiyani? Pepala lililonse lofuna taitolo ya nyumba ngati chikole chifukwa cha mapanelo awiri, libwezeni.

Ena amagula katundu kaye n'kukapempha kuti abwezeredwe ndalama. Opereka thandizo ambiri salipira chinthu chimene chagulidwa iwo asanavomereze.

Ena amapereka kalata kamodzi n'kukhala pansi chaka chonse. Bwererani pa tsiku limene munagwirizana, kope lodindidwa lili m'manja, mulembe dzina la ofesi ndi zimene mwauzidwa.

Kukweza thanki ya giza padenga lakale osayang'ana mitengo yake n'kuika mwala pamutu pa ana. Malita 150 ndi makilogalamu 150, osawerengera chitsulo chake. Mmisiri akwere aone ngati mitengo sinafumbwe, apo ayi giza iime pa nsanja yakeyake pambali pa nyumba, ndipo funsani ku ofesi ya khonsolo ngati nsanjayo ikufuna chilolezo.

Pomaliza pali kulumikiza inveta (chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba) kapena jenereta ku nyumba yonse polowetsa waya mu soketi ya pakhoma. Magetsi amenewo amabwerera ku mawaya a mumsewu, kumene wantchito wa ZETDC angakhale atakwera pa mtengo akudziwa kuti azimitsa. Pamafunika siwichi yosinthira, yomangidwa ndi wamagetsi wovomerezeka, ndipo akamaliza akulembereni pepala la ntchito imene wagwira, mulisunge mu faelo muja pamodzi ndi malisiti.